Limba la m'tchalitchi lilembedwe kaye m'buku lisanakhudzidwe

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi makomiti a chitukuko a kuno ku Mangochi pa nkhani ya malimba. Tikunena limba loyendera mpweya, la mapaipi lija, pamodzi ndi mng'ono wake wopalasa ndi mapazi amene amishoni ankayenda naye. Kiyibodi ya magetsi yatenga malo m'makwaya ambiri, ndipo sitikulimbana nayo. Chikutiwawa ndi china. Kumene kwatsala limba lakale, ena alikankhira kuchipinda chovalira, n'kumaikapo maluwa ndi mabuku a nyimbo, ndipo tsiku lina amaitana kalipentala kuti "alikonze" ndi guluu wa nsapato. Kwina makomiti amamva kuti ku Britain matchalitchi otsekedwa akupereka malimba a mapaipi ulere, mitima n'kuyamba kudumpha. Onsewa amagwa m'dzenje limodzi: palibe amene analemba kuti m'limbamo muli chiyani, ndiponso kuti m'mbuyomu analichita zotani.

Amisiri a malimba ali ndi pepala limene amalitcha specification. Limayamba ndi dzina la wopanga, mzinda wake ndi chaka. Izi zimapezeka pa kachitsulo kapena kambale koyera pamwamba pa makiyi, koma musakhulupirire kambaleko kokha, chifukwa wokonza wina amachotsa ka mnzake n'kumatapo kake. Yang'anani ndi tochi m'kati mwa bokosi la mpweya limene mapaipi amaimapo, momwe amisiri ankalemba mayina ndi madeti ndi pensulo, komanso pafupi ndi pakamwa pa paipi yaikulu ya gulu lililonse, pomwe ankazokota dzina la gululo. Kenaka werengani makiyi ndi chala, limodzilimodzi. Limba la masiku ano limakhala ndi makiyi 61 pa kiyibodi iliyonse ndi 30 kapena 32 a kumapazi. Akale a ku Britain ali ndi 54, 56 kapena 58, ndipo a kumapazi ena amalekera pa 25 kapena 27.

Kumbali kwa makiyi kuli tizigwiriro timene woyimba amasolola, totchedwa masitopu. Kalikonse kali ndi dzina ndi nambala: Open Diapason 8, Principal 4, Fifteenth 2, Bourdon 16. Nambalayo ndi kutalika, m'mafiti, kwa paipi yaikulu ya gululo ikakhala yotsegula pamwamba. Sitopu ya 8 imatulutsa liwu monga lalembedwera pa nyimbo, ndipo paipi yake yaikulu ndi ya mamita pafupifupi 2.4. Ya 4 imakweza nyimbo yomweyo okitevu imodzi (kuchoka pa do kufika pa do wa pamwamba pake), ya 2 maokitevu awiri, pamene ya 16 imaitsitsa okitevu imodzi, n'kupereka kugunda kuja kumene kumamveka m'chifuwa. Paipi yotsekedwa pamwamba ndi chivindikiro imalira ngati yotsegula yotalika kawiri, n'chifukwa chake Bourdon 16 ya matabwa sifika mafiti 16 koma theka lake. Mukapeza nambala ya Chiroma, monga Mixture III, ndiye kuti kiyi iliyonse imachititsa mapaipi atatu kulira nthawi imodzi.

Kuwerenga mapaipi n'kosavuta pamenepo. Kupatula ya nambala ya Chiroma ija, sitopu iliyonse ili ndi paipi imodzi pa kiyi iliyonse. Limba la makiyi 56 lokhala ndi masitopu 5 pa kiyibodi ya m'munsi, 4 pa ya pamwamba ndi Bourdon ya makiyi 30 a kumapazi liyenera kukhala ndi mapaipi 534. Mukawerenga n'kupeza ochepera, musafulumire kunena kuti abedwa. Opanga ambiri ankasiya mapaipi 12 aakulu a masitopu ena, monga Oboe kapena Dulciana, n'kubwereka a sitopu ina. Koma mukaona mabowo opanda mapaipi pakati pa mzere, lembani kiyi yake ndi sitopu yake.

Pali manambala awiri amene pafupifupi aliyense amaiwala, pamene ndiwo moyo wa limba. Yoyamba ndi mphamvu ya mpweya. Kuiyeza sikulira makina. Tengani kapaipi ka pulasitiki koonekera m'kati, konga ka dilipi, kotalika mita imodzi. Kapindeni ngati chilembo cha U, kamangireni pa thabwa loimirira, muthiremo madzi mpaka theka. Zulani paipi imodzi ya pakatikati, lowetsani nsonga ya kapulasitiki m'bowo lake, tsekani m'mbali ndi kansalu, ndipo wina asolole sitopu yake n'kudina kiyi. Madzi atsika mbali imodzi n'kukwera mbali ina. Ikani lula pakati pa mitu iwiri ya madziyo. Pa malimba ang'onoang'ono a m'tchalitchi mupeza mamilimita 65 mpaka 90, kawirikawiri pafupi ndi 76, amene ndi mainchi atatu. Mphamvu imeneyi imachokera ku zitsulo kapena miyala yosanjikidwa pamwamba pa mvukuto waukulu. Paipi iliyonse inakonzedwa pakamwa kuti ilire pa mphamvu yomweyo basi. Wina akachotsapo chitsulo chimodzi kukatchingira chitseko, limba lonse limatsika liwu n'kuyamba kulira mochedwa ngati lili ndi chimfine. Wina akawonjezerapo njerwa kuti "lizimveka kwambiri", mapaipi ang'onoang'ono amadumphira ku okitevu ya pamwamba n'kumalira mokuwa. Ziyezeni pa sikelo zitsulozo, lembani nambala pa chilichonse, ndipo jambulani ndi choko pamene chimakhala.

Nambala yachiwiri ndi msinkhu wa liwu, ndipo apa ndi pamene Mangochi amasiyana ndi malo ena. Mu 1939 msonkhano wa ku London unagwirizana kuti noti ya A izikhala 440, ndiko kuti liwu lonjenjemera ka 440 pa sekondi, ndipo makiyibodi onse a magetsi amabwera atachunidwa pamenepo. Koma paipi si kiyibodi. Liwu lake limadalira liwiro la mawu mu mpweya, ndipo mpweya ukatentha liwirolo limakwera. Limba lochunidwa pa 440 m'tchalitchi yozizira madigiri 18 limafika pafupi ndi 449 pa madigiri 30, ndipo pa madigiri 35, amene sasowa pansi pa malata athu mu Okutobala ndi Novembala, limafika pafupi ndi 453. Kumeneko ndi kukwera theka la mtunda wa pakati pa mi ndi fa. Limbalo silinawonongeke, ndipo m'mawa wa mu Juni, mwera ukuwomba, libwerera lokha. Tsono malimba ambiri a ku Britain a zaka za m'ma 1800 anachunidwa kale pamwamba, pafupi ndi 452. Limba lotere likafika kuno m'chilimwe limapitirira 440 ndi pafupifupi semitoni yathunthu, ndiwo mtunda wonse wa pakati pa mi ndi fa, ndipo amayi oyimba sopulano ndiwo amamva kuwawa pakhosi. Choncho polemba msinkhu wa liwu, lembaninso madigiri a tsiku lomwelo. Nambala ya liwu yopanda madigiri ilibe ntchito.

Apa tipemphe achinyamata athu amene ali ndi pulogalamu yochunira pa foni: musayese kukokera limba la mapaipi ku 440 m'nyengo yotentha kuti ligwirizane ndi kiyibodi. Kiyibodi ili ndi batani lokwezera kapena kutsitsira liwu pang'onopang'ono, ndipo ndiyo iyenera kutsata limba. Kuchuna kwenikweni kumayamba ndi Principal 4, n'kuyerekezera ena onse ku iyo. Paipi yokhala ndi kolala yachitsulo pamwamba imachunidwa pogogoda kolalayo: kuikweza kumatsitsa liwu, kuitsitsa kumalikweza. Paipi yopanda kolala imachunidwa ndi chida cha mkuwa chopinda milomo ya pamwamba, ndipo imeneyo isiyireni mmisiri. Paipi sidulidwa ndi sizasi. Musaigwirenso m'manja pochuna, chifukwa kutentha kwa chikhatho kokha kumaikweza, ndipo ikazizira mupeza mwalakwitsa. Masitopu a lilime la mkuwa, monga Oboe ndi Trumpet, sasuntha kwambiri ndi kutentha, motero nyengo ikasintha amamveka ngati ndiwo asokera. Ndiwo amene amachunidwa kuti atsate anzawo, chifukwa ndi ochepa ndiponso savuta: waya wake ukagogodera pansi liwu limakwera, ukaukweza limatsika.

Chomaliza pa pepalalo ndi njira imene kiyi imatsegulira mpweya. Ya makedzana ndi ya timitengo topyapyala ndi mawaya, kuchokera ku kiyi mpaka ku kachitseko ka pansi pa paipi. Ina imayendera timachubu ta mtovu ndi timivukuto tambirimbiri ta chikopa chopyapyala ngati pepala. Ina ndi ya maginito ndi magetsi. Ife tikunena mosabisa kuti ya timitengo yokha ndiyo yoyenera kuno. Chikathyoka chimaoneka ndi maso, ndipo mmisiri wa matabwa wosamala angathe kusema china. Ya timachubu ikakalamba chikopa chake chimang'ambika mazanamazana nthawi imodzi, ndipo kutentha kwathu kumafulumizitsa zimenezo.

Pepalali likatha, pakufunika buku la mbiri ya kukonza. Tchalitchi ya St Michael and All Angels ku Blantyre, imene inamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, inalandira limba mu 1907, ndipo lina linalowa m'malo mwake mu 1954. Madeti awiri okhawa amauza mmisiri zambiri: zaka za chikopa, mtundu wa guluu, kapangidwe kamene angayembekezere. Ku Britain kuli kaundula wa dziko lonse, National Pipe Organ Register, woyang'aniridwa ndi British Institute of Organ Studies, momwe limba la tchalitchi yaing'ono ya kumudzi limapezeka ndi masitopu ake ndi zaka zimene linakonzedwa. Ife tingayambe ndi buku limodzi la chikuto cholimba losungidwa m'limba momwemo. Mulembedwe deti, dzina la wogwira ntchito, chimene chinavuta, chimene anasintha, guluu ndi chikopa chimene anagwiritsa, madigiri a tsikulo. Woyimba naye azilembamo akamva chachilendo, mwachitsanzo kuti fa wachitatu pa Principal sakulira. Chidutswa chilichonse chochotsedwa chikulungidwe, chilembedwe, chisungidwe pansi pa limba. Chakalecho ndicho muyezo wa chatsopano.

Tsopano za zimene zimawononga. Mdani wamkulu ndi kusinthasintha kwa chinyezi. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba mpweya wa kuno umauma, matabwa n'kufota m'mimba mwake. Bokosi la mpweya lili ndi timipata tambiri togundizana, kamodzi pa kiyi iliyonse, tophimbidwa ndi thabwa lomatidwa ndi guluu. Thabwalo likang'aluka, mpweya umadutsa kuchoka m'kampata kena kulowa m'kena. Mudzamva mukadina do, re naye akunong'ona chapansipansi, chifukwa m'malimba ambiri mapaipi amasanjidwa mbali ziwiri modumphitsa, ndipo woyandikana ndi do ndi re, osati kiyi yakuda imene ili pakati pawo pa kiyibodi. Kale ena ankaboola kabowo kotulutsira mpweya wosokerawo. Kumeneko n'kubisa matenda chabe. Mankhwala ake ndi kutsitsa bokosilo, kudzaza ming'alu ndi timatabwa ndi guluu wotentha, n'kulipalanso kuti likhale lathyathyathya.

Mvula ikagwa zinthu zimatembenuka. Makiyi amakakamira, masitopu amalimba kusolola, mawaya amachita dzimbiri. Apa m'pamene kalipentala wachangu amatenga puleni n'kupala kathabwa kotsetsereka ka sitopu mpaka kamasuke. Mu Okutobala kathabwa komweko kafota, ndipo mpweya uzingotayika mpaka kalekale. Osapala chilichonse m'dzinja. Pakani pensulo yofewa kapena ufa wake wa graphite pamene pakukhulana. Mafuta a galimoto, girizi ndi Vaseline asayandikire matabwa, chifukwa amagwira fumbi n'kusanduka phala. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi ndi kutentha, kaikeni m'kati mwa limba, ndipo Lamulungu lililonse lembani manambala ake m'buku lija. Limba limakondwa chinyezi chikakhala pakati pa 55 ndi 70 pa 100. Chikatsika kwambiri m'chilimwe, mabeseni a madzi oikidwa pansi m'kati, ophimbidwa ndi neti kuopa udzudzu, amathandizako pang'ono. Achotsedwe mvula ikayamba.

Malo oimikapo limba asankhidwe ndi maso a munthu wodziwa denga lake. Lisakhale pansi pa mphambano ya malata kapena pa ngalande ya madzi, lisayang'ane windo la kumadzulo, ndipo pamwamba pake pakhale siling'i. Dontho limodzi logwera m'paipi yotsegula limatsikira m'bokosi la mpweya n'kusungunula guluu. Amene anaona madzi a nyanja atasefukira m'mphepete muno mu 2024 sangatsutse kuti limba liyenera kukhala pa nsanja ya simenti yokwera, yoyalidwa pulasitiki pansi. Kumbuyo kutsale mpata woti munthu n'kudutsa ndi tochi, chifukwa chiswe chimakwera mobisala pakati pa khoma ndi thabwa, ndipo pofika poonekera kunja chimakhala chitadya miyendo ya limba. Mwezi uliwonse wina adutse kumeneko kufuna timisewu ta dothi. Mukaona timilu ta ufa woyera pansi pa timabowo, thabwalo layamba kufumbwa. Mankhwala a permethrin alowetsedwe m'timabowomo ndi jakisoni, osati kupopera limba lonse, chifukwa mankhwala a mafuta amawononga chikopa. Posintha thabwa lodyeka, mlombwa wouma bwino ndi wabwino kwambiri, popeza sufota kwenikweni ndipo chiswe sichiukonda.

Makoswe amabwera chifukwa cha chikopa, nsalu ya ubweya ndi guluu. Tcherani misampha, osati poizoni, chifukwa khoswe wakudya poizoni amakafera m'ngalande ya mpweya momwe dzanja silifika. Mipata yonse ya pansi itsekedwe ndi waya wa maso ang'onoang'ono. Mileme imagwetsera zitosi m'mapaipi. Mavu omanga ndi dothi amakonda pakamwa pa paipi ndi m'mabowo a makiyi a kumapazi. Nalimata amaikira mazira m'makona. Nkhungu ikatuluka m'nyanja imayamwidwa ndi injini ya mpweya ngati pakamwa pake palibe sefa ya nsalu.

Vuto limene limachititsa manyazi pakati pa mapemphero ndi noti yolira yokha osaleka. Pansi pa kampata ka kiyi iliyonse pali kachitseko komatidwa chikopa, kokankhidwa ndi sipuling'i. Kanthu kochepa ngati phiko la mphemvu kakakhala pa chikopacho, kachitseko sikatseka. Pa nthawi ya mapemphero ingobwezani masitopu a kiyibodi imeneyo n'kupitiriza pa inayo. Pambuyo pake zimitsani mpweya, masulani thabwa la kutsogolo kwa bokosi, wunikirani, tsitsani kachitsekoko ndi chala n'kupukuta chikopa ndi nthenga ya nkhuku. Ngati palibe chitsotso, onani ngati sipuling'i yachoka m'malo kapena yathyoka, kenaka tsatirani kamtengo kuchokera ku kiyi. Kumapeto kwake kuli kanati ka chikopa pa waya wa mazinga. Nyengo ikasintha kamtengo kamakoka kwambiri, ndipo kubweza kanatiko theka la mzungulo kumatha nkhani. Kanati kakauma n'kumaterereka, kasinthidwe ndi kachikopa kena, osati kuthira supagulu.

Za guluu tinene motsindika, popeza ndipo pafera malimba ambiri. Opanga ankagwiritsa guluu wa zikopa, wouma ngati shuga wa bulauni. Amanyikidwa m'madzi ozizira usiku, n'kutenthetsedwa m'kachitini koikidwa m'mphika wa madzi pa madigiri pafupifupi 60. Akawira amatha mphamvu. Ubwino wake ndi woti patapita zaka 50 nsalu yonyowa ndi madzi otentha imamumasula, thabwa n'kutsala loyera, lokonzeka kulandira chikopa china. Guluu wa nsapato, silikoni ndi supagulu sachoka popanda kupala thabwa. Guluu woyera wa akalipentala ali ndi vuto linanso: amatulutsa mpweya wa asidi umene umadya mtovu wa mapaipi, monganso amachitira matabwa a oak. Mukaona ufa woyera kumapazi a mapaipi, ndiwo umenewo, ndipo ndi poizoni. Sambani m'manja, ana asaukhudze, ndipo paipi isaimbidwe ndi pakamwa. Mvukuto umamatidwa ndi chikopa chofewa cha nkhosa, chopalidwa m'mphepete kuti chigone bwino. Chubu cha njinga ndi tepi zimagwira mwezi umodzi n'kusiya utomoni umene umavutitsa wodzakonza.

Mapaipi achitsulo ndi osakaniza tini ndi mtovu, ena theka ndi theka, ena mtovu wochuluka, ndipo aakulu a kutsogolo nthawi zambiri ndi a zinki. Ndi ofewa moti chala chimawafinya. Pakamwa pake pali kampata kopyapyala kotulukira mpweya, ndipo kakapindika ngakhale pang'ono paipi imasiya kulira. Pochapa, amazulidwa limodzilimodzi, kugonekedwa m'mathireyi mwa ndondomeko yake, osasanjikiza, n'kupukutidwa ndi burashi yofewa. Polishi ya mkuwa isakhudze lilime la Oboe. Likaleka kulira, kapepala koyera kolowetsedwa pakati pa lilime ndi pogonera pake n'kukokedwa pang'onopang'ono kamachotsa fumbilo. Pa chikondwerero cha mpingo pasapezeke wopaka penti mapaipi olira. Ku Ulaya limba lonse limatsitsidwa n'kuchapidwa pakapita zaka 20 mpaka 30. Ndi fumbi la m'chilimwe chathu, nthawi imeneyo ifupikitsidwe.

Injini yopemerera mpweya ya limba la masitopu khumi nthawi zambiri sipitirira hosipawa imodzi, koma poyaka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda, choncho amene akudalira sola kapena jenereta awerengere zimenezo. Magetsi athu ndi a mavoti 230 ndi 50 Hz, ofanana ndi a ku Britain. Injini ya ku America ndi ya 60 Hz: kuno imazungulira pang'onopang'ono, ndipo mphamvu ya mpweya imatsala pafupifupi magawo 7 pa 10. Ya mafezi atatu ikhale ndi chotetezera, chifukwa fezi imodzi ikachoka mota imapsa. Iziyamwa mpweya wa m'tchalitchi momwemo, osati wa panja pa dzuwa. Ngati limba likadali ndi mpini wopopera ndi manja, usachotsedwe. Magetsi akathima pakati pa nyimbo, mnyamata mmodzi pa mpiniwo amapulumutsa mapemphero.

Kwa makomiti amene akulota limba laulere la kunja, akulu anati walira mvula walira matope. Limbalo ndi laulere pamene laima pokhapo. Pamafunika mmisiri wolimasula n'kulemba nambala pa chidutswa chilichonse, mabokosi a mapaipi, kontena, ulendo wa panyanja mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, msewu wofika kuno, kenaka mmisiri yemweyo kudzalimanganso kwa masabata angapo. Musanavomere, itanitsani pepala lija ndi mbiri yake yonse. Yezani tchalitchi yanu, chifukwa limba la Open Diapason 8 limafuna mamita 4 kapena kuposa kuchoka pansi, ndipo limalemera matani angapo. Funsani ngati makiyi ali okutidwa ndi minyanga ya njovu, popeza imeneyo sidutsa malire popanda chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakuthengo. Funsani ngati bokosi la injini lili ndi asbestos, ulusi wowononga mapapo, umene ankaikidwa kale pochepetsa phokoso. Funsani a MRA za msonkho katundu asananyamuke. Mabokosi a mpweya akonzedwe komweko, aikidwe zotchingira zolola matabwa kufota ndi kufufuma popanda kutaya mpweya. Ndipo m'pangano mulembedwe kuti achinyamata awiri a mumpingo adzagwira ntchito pambali pa mmisiriyo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Limba la kiyibodi imodzi ndi masitopu asanu, la timitengo, lidzatumikira mpingo wa ku Mpondasi, Malindi kapena Monkey Bay kuposa chimphona cha makiyibodi atatu chimene palibe angachisamale.

Limba lopalasa lija lisanyozedwe. Mulibe mapaipi koma timalilime ta mkuwa, ndipo sitisuntha kwenikweni ndi kutentha. Mtundu wopemerera mpweya unalembetsedwa ndi Alexandre Debain ku Paris kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840. Mtundu woyamwa mpweya ndi wa ku America, wa makampani monga Mason & Hamlin ndi Estey ya ku Brattleboro, imene inapanga malimba oposa 500,000, ena opindika ngati sutikesi. Ambiri amene anthu amati anafa ali ndi matenda atatu okha. Malamba a zopondera aduka, ndipo lamba wolimba wa kanivasi amalowa m'malo. Nsalu ya labala ya mvukuto yauma n'kung'ambika m'makona: isinthidwe yonse, muyezo utengedwe pa yakale mvukuto uli chotsegula, ndipo samalani ndi masipuling'i ake, amene amafwamphuka mwamphamvu. Noti yosalira pafupifupi nthawi zonse ndi kachitsotso. Kokani lilimelo ndi kangowe pa mphako ya kumbuyo kwake, liyang'aneni pa kuwala, mudzakaona katapanikizika pakati pa lilime ndi felemu. Kachotseni ndi burashi yofewa kuchokera kutsinde kupita kunsonga. Sandipepa ndi tupa zisafike pamenepo, chifukwa kupala kunsonga kumakweza liwu, kupala kutsinde kumalitsitsa, ndipo mkuwa wochoka subwerera.

Pempho lathu kwa madayosizi, masinodi ndi maparishi ndi loti chaka chino atume anthu awiri pa tchalitchi iliyonse imene ili ndi limba la mpweya, lolira kapena losalira, akalembe pepala lija n'kujambula zithunzi za kutsogolo, za makiyi, za masitopu ndi za m'kati. Kope limodzi litsale m'limbamo, lina lipite ku ofesi ya dayosizi kapena sinodi, lachitatu ku National Archives ku Zomba. Limba lopezeka m'nyumba yakale ya mishoni lisagulitsidwe kwa ogula zitsulo kapena kusandutsidwa kabati a Dipatimenti ya Museums and Monuments asanalione.

Ife,
Oyimba malimba ndi amisiri a matabwa,
Mangochi